Nyale ya 6500K kapena ya 2700K? Yankho kwa mayi wolima kambuzi m'nyumba ku Leeds

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, wandilembera imelo yofunsa ngati akuyenera kugula nyale ziwiri, ya 6500K yokulitsira mbande za tsabola wa kambuzi ndi tomato, ndi ya 2700K yoti aziyatsa mbewuzo zikayamba kuchita maluwa, monga anawauzira kusitolo. Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa uphungu womwewu nanenso anandipatsa, ndipo mpaka lero umandiwawa ndikaukumbuka.

Ine ndimakhala ku Manchester, ndipo mukudziwa nokha mmene Disembala amakhalira kuno: usana sukwana maola 8, dzuwa limangodutsa m'munsimunsi, nthawi zambiri kuseri kwa mitambo, pomwe ku Lilongwe usana susiyana kwambiri chaka chonse, umakhala pakati pa maola 11 ndi 13. Kambuzi wanga woyamba anamera pawindo la kukhitchini. Mbandezo zinali zazitali koma zoonda ngati ulusi, zonse zitaweramira kugalasi, masamba ake otuwa ndi otalikirana, moti kungozikhudza pothirira zinkagwa chagada. Nditapita kusitolo ina yogulitsa zipangizo za m'munda, mnyamata wogulitsa anandiikira makatoni awiri patebulo, nanena motsimikiza kuti popanda nyale yachiwiriyo sindidzaona duwa ngakhale limodzi. Ndinamufunsa kuti nyale iliyonse imafikitsa kuwala kochuluka bwanji pamasamba ikakhala masentimita 30 pamwamba pa mbewu. Anatembenuza katoni uku ndi uku, yankho osalipeza. Ndinagula nyale imodzi yoyera ya 4000K, yamphamvu ndithu, ndipo kambuziyo anakula, anachita maluwa, nabereka pansi pa nyale yomweyo.

Nambala ya Kelvin, ija yotsatana ndi chilembo cha K, imangonena mmene kuwala kumaonekera m'maso mwa munthu. Kwa 2700K n'kofiirira ngati kwa mababu akale aja otentha, kwa 6500K n'koyera mopita ku buluu ngati masana a mitambo. Mwambo wosintha nyale unachokera m'nthawi imene alimi a m'nyumba ankadalira nyale za metal halide, zokhala ndi buluu wambiri, ndi za sodium zotchedwa HPS, zowala mwachikasu pafupifupi 2000K, zimene zinkasiyanadi kwambiri. Nyale zambiri zoyera za LED za masiku ano zimapangidwa mwa njira imodzi: mkati muli kanyale ka buluu ka pafupifupi 450 nm (nm ndi muyezo wosiyanitsira mitundu ya kuwala), kokutidwa ndi mankhwala otchedwa phosphor amene amasandutsa gawo la kuwalako kukhala kobiriwira, kwachikasu ndi kofiira. Choncho ya 3000K ndi ya 6500K zonse zili ndi buluu ndi kufiira komwe, zimangosiyana muyezo wake.

Apa ndiye pamene sindigonja: mtundu wa babu si umene umauza tomato kapena tsabola kuti achite maluwa. Mu 1920, Garner ndi Allard, akatswiri a unduna wa zaulimi ku America, anafalitsa zimene anapeza pa fodya wotchedwa Maryland Mammoth, amene ankangotalika chilimwe chonse osachita maluwa, koma ankawachita akamuchepetsera maola a usana. Pambuyo pake zinadziwika kuti chimene mbewu zotere zimawerenga kwenikweni ndi kutalika kwa usiku. Mbewu za maluwa zotchedwa poinsettia ndi chrysanthemum zili m'gulu limenelo, ndipo mukaziyatsira nyale pakati pa usiku, ngakhale yofiirira yomwe akuitamayo, maluwa amachedwa kapena kulephereka. Tomato ndi tsabola alibe nazo ntchito zimenezo, amachita maluwa akakhwima msinkhu, akamalandira kuwala kokwanira ndi kutentha koyenera. Wogulitsa amene akukulonjezani maluwa chifukwa cha 2700K akukugulitsani nyale, osati maluwa.

Sindikunena kuti mtundu wa kuwala ulibe mphamvu iliyonse. Buluu amathandizadi kuti mbande zikhale zazifupi ndi zojintcha, ndipo kuwala kwa 730 nm, komwe kuli kumapeto kwenikweni kwa kufiira, kumachititsa mbewu kudziona ngati ili pamthunzi wa inzake, n'kuyamba kuthamangira m'mwamba. Koma kafukufuku wa katswiri wina wotchedwa McCree wa mu 1972 anasonyeza kuti masamba amapanga chakudya ndi kuwala konse kwa pakati pa 400 ndi 700 nm, ngakhale kobiriwira kumene ambiri amati n'kopanda ntchito. N'chifukwa chake nyale za pepo zija, zongokhala ndi buluu ndi kufiira, sindizikonda m'nyumba yokhalamo anthu. Mbewu zimakula nazo ndithu, koma masamba amaoneka akuda bii, ndipo nsabwe zobisala kunsi kwa tsamba kapena chikasu choyamba cha njala ya feteleza mumadzaziona zinthu zitaipa kale.

Chimene chinkasowa pakatoni paja ndicho chofunika kuposa zonse, kuchuluka kwa kuwala. Ma lumen amayeza zimene diso lathu limaona, pomwe muyezo wa kuwala kothandiza mbewu kumene kumafika pamasamba umalembedwa kuti PPFD. Nyale yofikitsa PPFD ya 300 pamasamba kwa maola 16 imapereka kuwala kokwana pafupifupi ma mole 17 (muyezo wa kuwala konse kolandiridwa) pa sikweya mita patsiku, omwe ndi okwanira letesi ndi mbande, koma tomato wobereka amafuna kuyambira 20 kupita m'mwamba. Komanso nyale mukaikweza kutali ndi masamba, kuwalako kumatsika mofulumira kwambiri, moti nyale yabwino yopachikidwa kudenga imagonja kwa yotchipa imene ili pafupi ndi mbewu.

Nanga mugule iti?

Gulani imodzi yoyera ya pakati pa 3000K ndi 4000K, imene wopanga wake walemba PPFD ndi mtunda umene anayezera. Ngati muli kale ndi ya 6500K yamphamvu, musaitaye, ikufikitsani mpaka kukolola. Iziyaka maola 14 mpaka 16, kenako izizima, chifukwa tomato wowalitsidwa usana ndi usiku osapuma amachita mawanga achikasu. Maluwa akamayoyoka, musathamangire kusintha babu: yambani mwaona ngati pawindopo sipakuzizira kwambiri usiku, popeza kambuzi amadana ndi chisanu, ndiponso ngati simunachulutse feteleza wa nayitirojeni, yemwe amabala masamba okhaokha. M'nyumba mulibe njuchi kapena mphepo, ndiye maluwa akatseguka muzigwedeza pang'ono tsinde lake masana kuti mungu ugwe, ndipo ndalama ya nyale yachiwiriyo mugulire kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yake.