Kujambula Vidiyo ya Nyimbo ndi Kamera ya Super 8 muno mu Harare

Funso: Bambo, ine ndimakhala ku Mabvuku, makolo athu anachokera ku Dedza, ndipo ndili m'gulu la oimba anthu asanu. Agogo anga atamwalira tinapeza m'sutikesi mwawo kamera yakale ya Super 8, yojambula pa filimu yopyapyala ya mamilimita 8, timabokosi tiwiri ta filimu tosatsegula tolembedwa Kodachrome 40, ndi mipukutu isanu ndi umodzi yojambulidwa kale. Tikufuna kujambula nayo vidiyo ya nyimbo yathu ya mphindi 4. Kodi zingatheke, nanga tiyambire pati?

Yankho: Zingatheke ndithu, achimwene, koma timabokosi tiwirito musatiwerengere. Filimu ya Kodachrome inkatsukidwa m'njira yakeyake yotchedwa K-14, ndipo malo omaliza amene ankatsuka, Dwayne's Photo ku Kansas, anasiya mu Disembala 2010. Lero itha kutsukidwa kukhala yakuda ndi yoyera yokha, ndipo poti yakhalitsa m'sutikesi yotentha idzatuluka yachifunga. Tisungeni ngati chikumbutso cha agogo.

Filimu yatsopano Kodak, amene anayambitsa Super 8 mu 1965, akupangabe. Kabokosi kamodzi kamakhala ndi mamita 15, zithunzi pafupifupi 3,600. Kamera ikamajambula zithunzi 18 pa sekondi, kabokosiko kamatha m'mphindi 3 ndi masekondi 20. Ikamajambula 24, kamatha m'mphindi 2 ndi theka. Poti simungagwiritse ntchito chilichonse chimene mwajambula, werengerani katatu kutalika kwa nyimbo, ndiye kuti mphindi 12, timabokosi tinayi kapena tisanu. Pamenepo onjezerani kamodzi koyesera kamera, ndipo kameneko musakaumirire ndalama, chifukwa kamera imene yagona zaka makumi ambiri ikhoza kulira bwinobwino m'manja koma mkati ikukoka filimu modukizadukiza, ndipo zimenezi zimaoneka filimu itatsukidwa basi.

Musanaikemo filimu, tsegulani mosungira mabatire muone ngati mulibe dzimbiri lobiriwira, mupukute kakhomo kodutsa filimu ndi kaburashi kofewa, ndiponso muloze kamera pawindo kenaka pakona pamdima kuti muone ngati kasingano koyeza kuwala kakusuntha. Makamera ena akale ali ndi batire lachiwiri laling'ono la 1.35 V loyendetsa kasinganoko, lomwe linali la mercury ndipo analetsa kupanga. Mukaikapo la 1.5 V muyezo umasokonezeka, choncho funani la zinc-air, longa la makina othandiza kumva.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetsetse kuposa zonse ndi ya kuwala pa nkhope. Harare ali pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500, dzuwa lake ndi lakuthwa, ndipo kamera ikamadziyezera yokha imayang'ana thambo lowala, khoma loyera ndi malaya oyera a oimba, nkutseka diso lake. Zotsatira zake thambo limatuluka lokongola pamene nkhope zathu zakudazi zasanduka mithunzi yopanda maso, ndipo chimene filimu sinalandire kompyuta singachibweze. Yandikirani woimba mpaka nkhope yake idzaze chithunzi chonse, muwerenge nambala ya kutseguka kwa diso imene kamera yasonyeza, muitseke pamenepo ngati kamera yanu ili ndi potsekera, kenaka mubwerere m'mbuyo nkujambula. Ngati mulibe potsekera, konzani chithunzi kuti thambo lilowemo pang'ono. Chinsalu choyera kapena katoni yomatidwa pepala lonyezimira la siliva, wina ataigwira chapansi kutsogolo kwa woimba, imabweza kuwala m'maso ndi pansi pa chibwano.

Chifukwa cha zimenezi ndimalangiza filimu ya negetivu (yotuluka ndi chithunzi chotembenuka, chimene chimabwezedwa pa kompyuta), Vision3 50D ya Kodak, pojambula panja masana. Negetivu imapirira kuwala kopitirirako, moti kutsegula diso ndi sitepe imodzi yoonjezera sikuiononga, m'malo mwake mithunzi imayera ndipo timadontho ta filimu timachepa. Padzuwa la masana, pa zithunzi 24 pa sekondi, 50D imafuna diso la kamera pa nambala pafupifupi f/16 (nambala ikachepa, diso limatseguka kwambiri), ndipo ine ndimaika f/11 kuti nkhope zipeze gawo lawo. Ektachrome 100D, filimu yomwe si negetivu ndipo inabwereranso mu 2018, ili ndi mitundu yokoma kwambiri koma sikhululuka: mukaphonya pang'ono, malaya oyera amapsa kapena nkhope zimamira. Za usiku kapena m'nyumba pali filimu za 200T ndi 500T, zopangidwira kuwala kwachikasu kwa mababu (3200 K pa muyezo wa mtundu wa kuwala). Mukazitulutsa padzuwa zimafuna fyuluta yachikasu chofiirira ya nambala 85, yomwe ili kale m'kamera zambiri ndipo imalowa mukaika kabatani pa chizindikiro cha dzuwa. Dziwaninso kuti makamera otchipa ambiri amazindikira filimu ya 40 ndi 160 zokha (nambala zosonyeza mmene filimu imamvera kuwala), choncho 500T iyeseni kaye musanaidalire.

Nthawi yabwino ndi m'mawa isanakwane 9 koloko kapena madzulo kuyambira 4 koloko. Ngati mukufuna maluwa a jakaranda a m'misewu ya ku Avenues, ndiye Seputembala kumapeto ndi Okutobala, koma ndiyonso nyengo yotentha, choncho filimu isagone m'galimoto. Isungeni m'firiji, ndipo mukaitulutsa idikire maola awiri kapena atatu musanang'ambe pepala lake kuti isachite thukuta.

Funso: Kamerayi sijambula mawu. Milomo idzagwirizana bwanji ndi nyimbo?

Yankho: Kodak anasiya kupanga filimu ya Super 8 yokhala ndi mzere wa mawu mu 1997, choncho aliyense lero amachita chimodzimodzi: nyimbo yojambulidwa kale ku situdiyo imaseweredwa pa sipika, oimba nkumatsatira. Vuto ndi lakuti injini ya kamera yotereyi siyenda mofanana nthawi zonse. Palembedwa 24, koma mabatire akamafooka imatsikako, ndipo mukajambula ndime yonse mosaima milomo imayamba bwino nkumathera kwina. Jambulani tizidutswa ta masekondi 10 kapena 15, woimba aombe m'manja kamodzi poyamba, ndipo foni ikhale pambali ikujambula mawu onse a pamalopo kuti mudzadziwe kuti kachidutswa kalikonse kakugwa pa mawu ati. Pa kompyuta mudzangofulumizitsa kapena kuchedwetsa kachidutswako pang'ono kwambiri, ndipo diso silidzazindikira. Zithunzi zimene milomo sikuoneka, monga mapazi a ovina, manja pa ng'oma ndi ana akuthamanga m'fumbi, zijambuleni pa 18 kuti filimu ikhalitse. Ngati mukujambula m'nyumba, kumbukirani kuti magetsi a kuno ndi a 50 Hz, ndipo machubu ndi mababu otchipa a LED amaphethira ka 100 pa sekondi, zomwe zimatuluka pa filimu ngati kuthwanima. Mababu akale a kawaya alibe vuto limeneli.

Funso: Nanga kulowetsa filimuyo m'kompyuta? Mnzanga akuti tingoionetsa pakhoma ndi projekita nkujambula ndi foni. Mitundu yake tidzaikonza bwanji?

Yankho: Njira ya mnzanuyo ndi negetivu singatheke nkomwe, chifukwa chithunzi chake ndi chotembenuka, choyera chili chakuda, ndipo chonse chakutidwa ndi mtundu wa lalanje. Ngakhale ndi Ektachrome, pakati pamawala kwambiri, m'mbali mumada, ndipo chithunzi chimaphethira. Mipukutu ya agogo ndiye musaiyandikize ku projekita ngakhale kamodzi. Filimu yakale imauma nkufupika, mano a makina amang'amba timabowo take, ndipo ikaima kutsogolo kwa babu kwa kanthawi kochepa imapsa. Inunkhizeni: mpukutu umene ukununkha viniga wayamba kuvunda, ndipo uikidwe pawokha nkusikanidwa msanga, ndiko kuti zithunzi zake zilowetsedwe m'kompyuta ndi makina. Onaninso timabowo, chifukwa ina ikhoza kukhala 8 mm yakale ya mu 1932, ya timabowo tikulutikulu togwa pa mzere wolekanitsa zithunzi, pamene ta Super 8 ndi tating'ono ndipo tili pambali pa pakati pa chithunzi.

Filimu yatsopano muyenera kuitumiza kukatsukitsa, Vision3 m'njira ya ECN-2 ndipo Ektachrome m'njira ya E-6. Malo monga Andec ku Berlin ndi Pro8mm ku Burbank amatsuka ndi kusikana pamodzi. Amene akukunyamulirani asaiike m'katundu wolowa pansi pa ndege, ndipo pa chipata apemphe kuti ifufuzidwe ndi manja, pakuti makina ounikira katundu, makamaka atsopano a CT, amaononga filimu yosatsuka.

Powalembera osikana, nenani zinthu izi momveka: asikane chithunzi chimodzichimodzi pa 2K (muyezo wa kukula kwa chithunzi pa kompyuta), asiye m'mphepete monse kuti muzidzadula nokha, akupatseni fayilo ya ProRes, yosapanikizidwa kwambiri, osati MP4, ndipo mitundu aisiye yosakonza, imene iwo amati log kapena flat. Fayilo yotere poyamba imaoneka yotuwa ngati yodwala, ndipo ambiri amakhumudwa, koma m'kutuwamo ndi mmene muli zonse za m'mithunzi ndi za m'malo owala. Timakina totchipa ta kunyumba timapanikiza chithunzi nkudzisankhira kuwala patokha, moti sitikusiyirani pokonzera. Chithunzi cha Super 8 sichikwana ndi mamilimita 6 m'lifupi, choncho chilichonse chimene chatayika posikana chimaonekera.

Pokonza gwiritsani ntchito pulogalamu ya pa kompyuta ya DaVinci Resolve, yomwe ili ndi mtundu waulere. Choyamba uzani pulogalamuyo liwiro lenileni la kachidutswa kalikonse pa Clip Attributes, chifukwa cha 18 chikawerengedwa ngati 24 anthu amathamanga ngati akuthawa mvula. Kenaka yambani ndi mdima ndi kuwala, mitundu pambuyo. Tsegulani waveform, chosonyeza mdima pansi ndi kuwala pamwamba, mutsitse chakuda chifike pafupi ndi pansi osachiphwanya, mukweze choyera osachigunditsa kudenga. Mukatero tsegulani parade, momwe chofiira, chobiriwira ndi chabuluu zimaoneka padera, ndipo muzilinganize pa chinthu chimene mukudziwa kuti chinali choyera kapena chotuwa. Nchifukwa chake kabokosi kalikonse kayenera kuyamba ndi masekondi awiri a pepala lotuwa litagwiridwa pafupi ndi nkhope ya woimba, pa kuwala komweko kumene mujambulire.

Khungu libwere pambuyo pa zimenezo, ndipo apa ndipemphe chinthu chimodzi: musayeretse oimba. Ndaona mavidiyo ambiri amene wokonza anakweza kuwala mpaka nkhope zinatuwa ngati phulusa, poganiza kuti akukometsa. Pa vectorscope, chosonyeza mitundu m'pulogalamuyo, pali mzere wa khungu, ndipo khungu la munthu aliyense, lakuda kapena loyera, limagwa pafupi ndi mzere umenewo. Chosiyana ndi kuwala kwake kokha. Dothi lathu lofiira limabwezera kufiira pa chibwano ndi pakhosi, choncho chepetsani pang'ono pamenepo pokha m'malo mobiriwitsa chithunzi chonse. Maluwa a jakaranda amakonda kuthawira ku buluu, ndipo muwabweze paokha osakhudza nkhope. Mipukutu ya agogo, ngati ndi Kodachrome, mudzadabwa kuti mitundu ikadalipo. Ngati ndi mtundu wina imene yafiira, kwezani chobiriwira ndi chabuluu pang'onopang'ono, ndipo muime timadontho tikayamba kuchuluka.

Timadontho ta filimu musatifafanize, pakuti ndi timene mwalipirira ndalama zonsezi. Koma YouTube ikapanikiza vidiyo imatisandutsa matope, choncho tulutsani vidiyo yanu pa 4K ngakhale munasikana pa 2K, kuti ipatsidwe malo okwanira. Musanaitumize, ioneni pa foni ziwiri zosiyana ndi pa wailesi yakanema ya kunyumba, ndipo mafayilo a ProRes muwasunge pa ma hard drive awiri, negetivu yotsukidwayo m'kabati mouma ndi mozizira.