Skyline ya malemu bambo: musaipereke kwa ongobwera kudzakoka

Mayi, pepani kwambiri ndi maliro a bambo a kunyumba. Funso lanu ndalimva: akusiyirani Nissan Skyline GT-R ya 1992 imene anaitanitsa ku Japan, ili m'galaja kwanu ku Indiana, inu simuiyendetsa, ndipo mtima wanu ukufuna kuti ithandize ana amasiye kumudzi. Ena pano akuti muimbire mabungwe aja amalengeza pa wailesi kuti amabwera kudzakoka galimoto ulere, ena akuti muitumize ku Malawi. Ine ndine makaniko konkuno ku America, ndipo ndikukupemphani kuti zonse ziwirizi muyambe mwaziimika kaye.

Ife tikamva kuti "ya ku Japan" timaganiza za Vitz kapena Sienta yotsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Iyi ndi ya mtundu wina. Odziwa magalimoto amaitcha R32, ndipo inapangidwa kuyambira 1989 mpaka 1994. Injini yake ndi RB26DETT, ya malita 2.6, masilinda 6 ondondozana ndi ma turbo awiri, ndipo ikafuna mphamvu imakoka ndi matayala onse anayi. Ku Japan inapambana mipikisano yonse 29 ya Group A (gulu la mipikisano ya magalimoto ochokera ku mitundu yogulitsidwa kwa anthu wamba) imene inalowa pakati pa 1990 ndi 1993. Ku Australia inapambana mpikisano waukulu wa Bathurst 1000 mu 1991 ndi 1992, ndipo atolankhani a kumeneko ndi amene anaipatsa dzina loti Godzilla. Nissan sanaigulitsepo kuno. Lamulo la America sililola kulowetsa galimoto yosapangidwira msika wa kuno mpaka itakwanitsa zaka 25, choncho ma R32 oyamba anayamba kulowa momasuka mu 2014. Amene ankangoiona pa magemu ali anyamata tsopano ndi azibambo a ndalama zawo, ndipo akuilimbirana. Yosamalidwa bwino imagulidwa madola masauzande makumimakumi.

Nanga ongokoka aja amatani nayo? Ambiri mwa iwo si bungwe lothandiza lenilenilo ayi, ndi kampani imene bungwe laipatsa ntchito yotolera magalimoto. Amaikoka, amaipititsa ku okushoni ya madilala komwe kumagulitsidwa magalimoto otopa ndi ochita ngozi, amachotsapo ndalama ya kukoka, ya kusunga, ya kulengeza, ndipo zotsalazo ndi zimene zimafika ku bungwe. Mu 2003 ofesi yofufuza za chuma cha boma la America, GAO, inatsata magalimoto 54 operekedwa motere, n'kupeza kuti pa awiri mwa atatu aliwonse bungwe linalandira 5 peresenti kapena kucheperapo ya mtengo umene woperekayo analemba pa msonkho. Njira imeneyi ili bwino kwa Corolla yofa injini. Koma Skyline ikalowa mmenemo, dilala mmodzi wochenjera aigula motchipa, mwezi wamawa aigulitsa pa mtengo wake weniweni, phindu lonse n'kukhala lake. Kumeneko n'kusinthanitsa ng'ombe ya mkaka ndi nkhuku, ndipo oluza ndi ana omwe mukufuna kuwathandizawo.

Choyamba ndi mapepala, chifukwa pa galimoto yolowa kuchokera kunja mapepala ndi theka la mtengo. Fufuzani m'mafayilo a bambo, m'kabati ya kutsogolo ya galimotoyo, ngakhale mu imelo yawo ngati mungathe. Mukufuna title (chikalata cha umwini wa galimoto), fomu ya HS-7 ya a zamayendedwe, fomu ya a zachilengedwe ya EPA 3520-1, fomu ya kasitomu ya CBP 7501, ndi satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan pamodzi ndi kumasulira kwake. Mukapezanso kapepala ka okushoni ya ku Japan kokhala ndi chithunzi cha galimoto cholembedwalembedwa zilembo ngati A1 kapena U2, kasungeni ngati diso: kamanena makilomita ndi zilema zimene galimoto inali nazo isanakwere sitima. Malisiti a galaja musataye ngakhale limodzi. Kenako tsegulani boneti, muyang'ane kukhoma la kumbuyo kwa injini. Muona kachitsulo kokhomedwa, ndipo nambala yake iyamba ndi BNR32. Imeneyo ndiyo umboni woti ndi GT-R yeniyeni, chifukwa pali ma Skyline ena ofanana nayo maonekedwe koma otsika mtengo kwambiri. Nambalayo ndi yaifupi, si ya zilembo 17 ngati ya magalimoto a kuno, ndiye musadabwe makompyuta ena akamaikana. Ijambuleni musunge, koma musaiike pagulu pano. Ngati title ili m'dzina la bambo okha, iyenera kusinthidwa kaye motsata malamulo a chuma cha masiye a boma la Indiana musanapereke kapena kugulitsa. Ndipo ngati pali ana, khalani nawo pansi. Kwa mwana wina galimoto imeneyi ndi fungo la bambo ake, ndipo asadzamve kwa anthu kuti inapita.

Za msonkho ndi pamene anthu ambiri amanamizidwa. Amauzidwa kuti ukapereka galimoto umalemba mtengo uliwonse umene ukuganiza. Zimenezo zinatha mu 2005. Bungwe likaigulitsa pa mtengo woposa madola 500, mumalemba ndalama imene yagulitsidwira basi, ndipo bungwelo liyenera kukupatsani umboni, kawirikawiri fomu ya 1098-C, pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku logulitsa. Inu mumadzazanso fomu ya 8283. Ndiye onani: ikagulitsidwa motchipa, aluza ana, mwaluzanso inu. Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati pa msonkho wanu mumachita itemize, ndiko kulemba chimodzichimodzi zinthu zimene mukufuna kuchotseredwa pa msonkho. Chinanso chimene chikutikhudza ife obwera: ndalama kapena katundu wopita mwachindunji ku bungwe lolembetsedwa ku Malawi kokha sachotseredwa pa msonkho wa kuno. Liyenera kukhala bungwe la 501(c)(3) la kuno, ndiko kuti lothandiza lovomerezedwa ndi a msonkho a America, limene likugwira ntchito kumudzi. Dzina lake mutha kulitsimikizira pa tsamba la IRS (ofesi ya msonkho ya America) la Tax Exempt Organization Search, ndipo amene akugwira nawo ntchito kwathu muwafufuze ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma ku Malawi. Muwapemphe malipoti a chuma a chaka chatha, komanso wachibale wanu wodalirika akaone ndi maso malo amene akuti akusamalirako ana.

Tsono maganizo anga ndi awa. Njira zilipo ziwiri. Mutha kupereka galimotoyo ku bungwe mutagwirizana polemba kuti ikagulitsidwa pamene pali okonda magalimoto oterewa. Kapena mutha kuigulitsa nokha, n'kupereka ndalamazo. Kwa inu ine ndikuona yachiwiriyi. Bungwe laling'ono losamalira ana lilibe galaja, lilibe inshuwalansi ya galimoto yotere, ndipo silidziwa kuyankha wogula akafunsa za pampu ya oilo. Komanso katundu wa masiye amene anali m'dzina la malemu okha, mtengo wake pa msonkho umawerengedwa kuyambira tsiku limene anamwalira, osati tsiku limene anagula. Ndiye ngakhale bambo anaipeza motchipa zaka zapitazo, kuigulitsa panopa sikuyenera kukubweretserani msonkho waukulu wa phindu. Wodziwa za msonkho akutsimikizireni zimenezi ataona mapepala anu. Ubwino wina ngwakuti ndalama zimagawika: zina ku ana amasiye, zina musunge. Mwangoferedwa kumene, ndipo palibe cholakwa kudzisiyira kangachepe.

Kogulitsira kulipo. Bring a Trailer ndi Cars & Bids ndi maokushoni a pa intaneti komwe magalimoto a ku Japan oterewa amagulitsidwa kawirikawiri, ndipo mitengo ya amene anagulitsidwa kale imaoneka poyera, mutha kudzionera nokha usiku uno. Ku okushoni ya magalimoto ya Barrett-Jackson, ku Scottsdale m'boma la Arizona, amakhalanso ndi magalimoto ogulitsidwa pothandiza, ndalama yonse ya wogula n'kupita ku bungwe. Kumeneko Acura NSX yoyamba ya mtundu watsopano inagulidwa madola 1.2 miliyoni mu 2016, ndipo Toyota Supra yoyamba yatsopano inafika 2.1 miliyoni mu 2019. Awo anali magalimoto oyamba kutuluka m'fakitale, yanuyi siingafike pamenepo, koma zikusonyeza kuti ogula akadziwa kuti ndalama ikupita kothandiza amatsegula dzanja. Polengeza mudzalembe momveka bwino kumene ndalama ikupita. Musanatero lipirani katswiri wodziimira payekha aiyese mtengo, ndi makaniko wodziwa ma Skyline aikweze m'mwamba. Ayang'ane dzimbiri pansi, m'mphepete mwa matayala a kumbuyo ndi kuzungulira galasi la kumbuyo, ayeze mphamvu ya silinda iliyonse, aonenso zimene zinasinthidwa. Zipangizo zakale zimene bambo anachotsa, ngati zili m'makatoni m'galajamo, zipite ndi galimoto, chifukwa ogula amafuna ya chibadwire. Wina akabwera ku inbox ndi ndalama m'manja kuti akuthandizeni kuchotsa, mukaneni mwaulemu.

Zoitumiza kumudzi ndiye ayi. Chiwongolero chili kumanja monga kwathu, koma ubwino wake uthera pomwepo. Ndalama ya sitima, ya msonkho wa galimoto yakale pa chipata, mimba yake yotsika pa mahampu ndi m'maenje, masipeya osowa, ndi ogula ochepa: ndalama ingathere m'njira isanafike kwa mwana ndi mmodzi yemwe.

Pakali pano, ngati yakhala miyezi yambiri osaliza, musalole aliyense ailize kuti angomva kulira kwake. Petulo wokhalitsa ndi oilo wotsikira pansi zitha kuwononga ma turbo ndi injini. Imbirani a inshuwalansi mutsimikize kuti idakali yotetezedwa ngakhale mwini wake anatisiya, makiyi musunge nokha, ndipo popita kwa makaniko ikwere pa lole, isakokedwe matayala ena ali pansi, chifukwa makina okokera matayala anayi aja amawonongeka.