Musanagulitse njinga chifukwa cha Solwezi

Achimwene, musanagulitse njingayo kuti mupeze ya basi ya ku Solwezi, ndimvereni kaye. Ine ndinapitako mu 2014 ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Nthawi imeneyo pa Kapata kuno ku Chipata nkhani inali ya Kalumbila basi, kuti mgodi watsopano ukumangidwa ndipo nyumba zikumera ngati bowa. Sanali kunama. Agogo athu ankathamangira ku Kitwe ndi ku Chingola, ife tinathamangira kumene migodi ya Kansanshi ndi Lumwana inadzutsa tauni. Ndinasiya mkazi ali ndi pakati, ine ulendo.

Kontilakita wina wamng'ono anatitenga anthu 9 kuti timange nyumba za lendi. Mwezi woyamba anatipatsa theka. Wachiwiri akuti mwini nyumba sanasaine. Wachitatu foni yake zii. Tinkagona m'nyumba momwemo mopanda zitseko, titayala matumba a simenti, mvula ikulowa pamawindo. Usiku wina mlamu wanga anaimba kuti mkazi wanga ali kuchipatala, mwana wabadwa koma sanalire. M'thumba ndinalibe ngakhale K50. Kusanache ndinali pageti pa munthu uja, galimoto yake ili mkati, mlonda akuti abwana kulibe. Ndinamuona ndi maso angawa akusuzumira pakatani! Ndinakuwa mpaka mawu anatha, osatuluka. Munthu woipa mtima, wodya thukuta la anzake, ndipo ndikumva akadapatsidwabe ntchito. Ndinagulitsa levulo, tepi ndi foni, basi ya ku Lusaka, ina ya ku Chipata. Ndinafika patapita masiku 4, azimayi atamuika kale mwana wanga. Nkhope yake sindinaione.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti nthawi yomweyo kuno ankakonza msewu wa Great East kuyambira pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami. Anzanga otsala ankamanga makalavati n'kumagona kwawo. Ntchito inabwera pakhomo ine ndili kutali kuisaka. Imasamuka ntchitoyi. Mu 2012 pulezidenti Sata atayambitsa pulogalamu yomanga misewu ya Link Zambia 8000 inali m'misewu, boma litalephera kubweza ngongole mu 2020 malo ambiri anangoima, udzu n'kumera pamaziko. Mu 2022 CDF, ndalama ya chitukuko imene boma limapereka kudera la phungu aliyense, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, n'chifukwa chake mukuona makalasi ndi tizipatala zikumangidwa kumidzi ya ku Chipangali ndi ku Kasenengwa. Yambani mwafunsa kumeneko.

Ine ndikuti musapite. Komabe kunena zoona ndalama zenizeni za mmisiri zikadali ku Lusaka ndi kumigodi, kuno ndi tintchito ta miyezi iwiri. Ngati muli ndi wachibale wokulandirani, pitani mukadali ndi mphamvu. Koma malipiro akhale a pa sabata, Loweruka likadutsa osakupatsani nyamulani zida. Ndalama ya basi yobwerera muisokerere m'thalauza, musaikhudze ngakhale njala iwawe bwanji. Njingayo isiyireni alamu.