Foni imaphonya ndi mamita, nanga asayansi amayeza bwanji mamilimita?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti: "GPS ya pafoni yanga nthawi zina imandiika tsidya lina la msewu ine ndili pakhomo. Ndiye asayansi akamati nthaka ikusuntha mamilimita angapo pachaka, ndipo akuziona ndi masetilaiti omwewo, tiwakhulupirire? Ngati zili zoona, bwanji satichenjeza chivomezi chisanachitike?"

Zikomo kwambiri, ndipo simunalakwe kukayika. Masetilaiti ndi omwewodi: a GPS, amene amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, pamodzi ndi ena ogwira ntchito yofananayo: a Galileo a ku Ulaya, a GLONASS a ku Russia ndi a BeiDou a ku China. Kusiyana kuli pa kamvedwe. Foni yanu imangowerenga uthenga wa nthawi wochokera kusetilaiti n'kuyankha msangamsanga kuti muli pati. Makina a asayansi amawerenga mafunde enieniwo amene anyamula uthengawo. Funde limodzi la GPS lotchedwa L1 ndi lotalika masentimita 19 okha, choncho ukatha kuyeza kachigawo kakang'ono ka funde limeneli, wafika kale pa mamilimita. Amamvetseranso mafunde amitundu iwiri nthawi imodzi, kuti achotse kuchedwa kumene mafundewo amakumana nako kumtunda kwa mlengalenga.

Kwinako ndi kudekha basi. Antena amaikhomerera pathanthwe lolimba, ndipo imalemba masekondi 30 aliwonse, usana ndi usiku, kwa zaka. Ngakhale zili choncho, munthu sathamangira kulengeza. Nthaka imatsika pang'ono ikalemedwa ndi madzi a mvula kapena chipale chofewa, n'kukweranso madziwo akachoka, ndipo wopupuluma angayese kuti waona kuyenda kwa dziko pamene waona nyengo chabe. N'chifukwa chake akatswiri amafuna zaka zosachepera ziwiri ndi theka asanakhulupirire liwiro la siteshoni imodzi, kutanthauza malo amodzi amene akhomerapo antena yotere.

Tsopano pali mfundo imene ndikufuna muigwire, chifukwa ambiri amaiphonya. Kusuntha pakokha si koopsa. Dziko lonse la Australia limayenda cha kumpoto masentimita pafupifupi 7 pachaka, moti manambala a mapu amene anakhazikitsa mu 1994 anawakonzanso kuti agwirizane ndi 2020, kusiyana kutafika mamita pafupifupi 1.8. Koma pafupifupi dziko lonselo limayendera limodzi ngati bwato. Chimene asayansi amasakasaka ndi pamene masiteshoni oyandikana sakuyenda mofanana. Tiyerekeze masiteshoni awiri otalikirana makilomita 100, ndipo chaka chilichonse akuyandikirana ndi mamilimita 10. Mamilimita amenewo sanasowe ayi. Miyala ya pakati pawo yafinyika, gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni pachaka. Zikumveka zochepa, koma pakatha zaka 300 ndiye kuti mamita 3 asungika m'miyalamo, ndipo mng'alu wa pansi pa nthaka womatirira umene ukuwagwira tsiku lina udzalephera.

Ganizo limeneli ndi lakale kuposa masetilaiti. Wasayansi wa ku America Harry Fielding Reid analifotokoza ataunika miyezo ya malo pambuyo pa chivomezi cha ku San Francisco cha 1906: miyala imapindika pang'onopang'ono, kenako n'kufwamphuka kamodzi. Chimene GPS yawonjezera n'chakuti kupindikako timakuona kukuchitika.

Ku Japan kuli masiteshoni pafupifupi 1,300 otere, amene onse pamodzi amatchedwa GEONET. Kwa zaka zambiri ankaonetsa kuti kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Honshu kukukankhidwira kumadzulo. Pa 11 March 2011, pa chivomezi chachikulu, zonse zinabwerera mwakamodzi: siteshoni ya ku Oshika inalumpha mamita 5.3 cha kum'mawa, n'kutsika mamita 1.2. Ine nthawi zonse ndikaona chithunzi cha mivi yoonetsa kumene masiteshoni amenewo anasunthira, yonse italoza kunyanja, thupi limachita tsemwe, podziwa kuchuluka kwa anthu amene tsunami, mafunde aakulu a m'nyanja obwera ndi chivomezi, inawatenga tsiku limenelo.

Palinso zimene palibe ankaziyembekezera. Mu 2001, Herb Dragert ndi anzake ku Canada analengeza kuti masiteshoni a dera la Cascadia, kugombe la kumadzulo kwa Canada ndi America, amabwerera m'mbuyo mamilimita angapo kwa masabata ochepa, popanda munthu kumva kugwedezeka kulikonse. Pambuyo pake zinadziwika kuti zimabwerezeka pafupifupi miyezi 14 iliyonse. Mng'alu ukhoza kutsetsereka mwakachetechete.

Nanga za kuchenjeza? Apa ndikuuzeni mosabisa: GPS imauza malo ndi kuchuluka kwa mphamvu imene ikusonkhana, koma siuza tsiku. Nthawi yothyokera imadalira kulimba kwa miyala imene ili makilomita ambiri pansi, kumene antena siifikako. Munthu akakuuzani kuti masetilaiti amuonetsa kuti chivomezi chibwera Lachiwiri, musamumvere. Komabe kudziwa malo n'kwamtengo wapatali, chifukwa ndi kumene kumathandiza pokonza mapu a madera oopsa ndi malamulo a kamangidwe ka nyumba ndi milatho.

Ndipo chivomezi chikangoyamba, GPS imathandiza mwanjira ina. Mu 2011 chiyerekezo choyamba cha mphamvu ya chivomezi cha ku Japan chija chinali 7.9 pa sikelo yoyezera zivomezi, pamene mphamvu yeniyeni inali 9.0, ndipo machenjezo oyamba a tsunami anachepetsa kutalika kwa mafunde. Makina oyeza kugwedezeka amavutika kusiyanitsa msanga chivomezi chachikulu ndi chachikulu zedi, koma antena ya pathanthwe ikasuntha mamita 5 imangonena kuti mamita 5. Kuchokera pamenepo dziko la Japan linakhazikitsa njira yowerengera kukula kwa chivomezi kuchokera ku GEONET m'mphindi zochepa chabe.