Gemu yoti musewere mtima uli m'malo: yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina. Akuti akaweruka kuntchito amakhala atatheratu, koma magemu amene ana awo anadzaza mufoni onse ndi owomberana kapena othamangitsana. Funso lawo n'lakuti: kodi alipo magemu okongola m'maso, oti munthu n'kusewera modekha, osafuna zala zaliwiro?

Alipo mayi, ndipo amatchedwa point-and-click. Mumangoyang'ana chithunzi, n'kudina pamene mukuganiza kuti pali kanthu, n'kuona chimene chichitike. Ine ndikuti muyambe ndi Machinarium.

Gemuyi inatuluka mu 2009. Anaipanga ndi Amanita Design, kakampani kakang'ono ka ku Czech Republic kamene Jakub Dvorský anayambitsa mu 2003. Zithunzi zake anachita kujambula pamanja, moti dzimbiri la pamalata ndi mizere ya pensulo zimaonekera bwinobwino. Inu mumakhala kaloboti kotchedwa Josef, kamene akataya kudzala kunja kwa mzinda ziwalo zili mbwee. Ntchito yoyamba n'kudzilumikiza. Pali kanyama kachitsulo kangati khoswe kamene kamakubweretserani mwendo mukakapatsa chidole. Mkono uli m'chithaphwi, ndiye mumamangirira maginito kuchingwe n'kuuwedza ngati nsomba. Mukafika pachipata cha mzinda, mlonda amangolowetsa apolisi okha, basi mumadzipangira chipewa chabodza, n'kuika babu pamwamba. Ine pamenepa ndinaseka ndekha usiku.

Chimene ndimaikondera kwenikweni n'chakuti mulibe mawu. Maloboti akafuna kulankhula, pamutu pawo pamabwera kachithunzi koyenda kosonyeza zimene akuganiza. Choncho Chingerezi sichikufunika, mwana wa sitandade 3 ndi agogo ake angathe kukhala limodzi n'kumatsutsana kuti adine pati. Josef safanso ayi. Mukhoza kusiya foni n'kukapakula nsima, mudzampeza ali pomwepo akudikira.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse n'zofewa. Pali malo amene mungakhalepo madzulo onse mutasowa chochita. M'bala ina mumayenera kupambana masewera ondandalika tizitsulo tisanu pamzere umodzi, ndipo loboti imene mumasewera nayo siinyengerera. Inandigonjetsa kangapo mpaka ndinakagona. Mukakakamira pali kababu kamene kamakutsinani khutu pang'ono, komanso buku la mayankho onse, koma kuti litseguke muyambe mwasewera kagemu kowombera akangaude. Ine ndimati bukulo lisiyeni kaye. Kukoma kwake kuli pamene yankho lakubwererani lokha m'mawa mukusamba.

Ngati mukufuna kulawa kaye musanalipire, gemu ina ya Amanita yomweyo, Samorost yoyamba ya 2003, anaikonzanso mu 2021 ndipo ndi yaulere, ngakhale ndi yaifupi kwambiri. Ya ana ang'onoang'ono ndi Chuchel ya 2018, kanthu kaubweya kothamangitsa chipatso chimodzi, phokoso lokhalokha. Ikakutherani Machinarium, yesani Gorogoa ya Jason Roberts, ya 2017, imene mumasuntha zithunzi m'mabokosi anayi mpaka zigwirizane.

Chenjezo limodzi: mukaona Happy Game ya 2021 ya Amanita yomweyo, dzinalo lisakupusitseni. Ndi yoopsa, yodzaza maloto oipa ndi magazi, musawapatse ana.

Za bandulo musadandaule kwambiri. Machinarium mukangoikopera pa Android kapena iPhone, imaseweredwa popanda intaneti. Ikani mahedifoni, chifukwa nyimbo za Tomáš Dvořák zimatayika pa sipika ya foni.