Kodi unamwino wa pa esiteti ndi wongogawa Panado?

Sabata yathayi ndalandira kalata ya mtsikana wina amene wangomaliza kumene maphunziro a unamwino. Wapeza mpata pa kiliniki ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, koma anzake akumuuza kuti akukadzikwirira kutchire, ntchito yake idzangokhala kugawa Panado. Akufunsa ngati apite.

Achemwali, mawu a Panadowo andilasa mumtima, chifukwa ndi omwewo amene ine ndinauzidwa tsiku limene ndinkamanga katundu kupita kukayamba unamwino pa esiteti. Amene amanena zimenezi sanaonepo khonde la kiliniki ya pa esiteti m'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, tiyi akuphuka usiku ndi usana. Ndinkafika kusanache n'kupeza mzere wafika kale pa mtengo wa mbawa. Amayi othyola tiyi, zala zong'ambikang'ambika ndi mame, msana utauma ndi dengu limene akhala akulibereka kuyambira ali atsikana. Ambiri ankabwera matenda atakula kale, ndipo sindinkawadzudzula. Munthu amene malipiro ake amadalira sikelo amadziwa kuti tsiku lokhala pa benchi la kuchipatala ndi makilogalamu otayika.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi cha bambo wina wa mufakitale. Makina odula masamba anamudya zala ziwiri. Anabwera naye anzake atamukulunga dzanja ndi malaya, iye osalira n'komwe, akungondifunsa kuti, “Anesi, ntchito yanga ithera pomwepa?” Ndili pakati pomanga balalo, kalaliki wa mu ofesi anaima pakhomo n'kundiuza motsitsa mawu kuti m'buku ndisachulutse zolemba, akuluakulu aona okha. Ndinali mwana pantchito, nyumba imene ndinkagona inali ya kampani, malipiro ochokera kwa omwewo. Ndinalemba kuti “bala padzanja lamanja”, basi. Sindinalembe kuti wavulalira pa makina, nthawi yanji, ndiponso kuti chotchingira makinawo chinali chitachotsedwa. Patapita miyezi bamboyo anayamba kuyendera chipukutamisozi ku ofesi ya zantchito, ndipo pepala loyamba limene anamufunsa linali langa lija. Linalibe chomuthandiza. Ndinakumana naye pa Luchenza akugulitsa nthochi, anandipatsa moni mwaulemu, ine mutu uli pansi.

Kuyambira pamenepo ndinatsimikiza, ndipo palibe angandisinthe maganizo: namwino wa pamalo antchito amalipidwa ndi bwana koma cholembera chake ndi cha wantchito. Amene sangapirire kuyang'anidwa ndi diso loipa mu ofesi asaiyambe ntchitoyi. Malamulo alipo. Pali lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, palinso la 2000 la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito. Koma lamulo silidziwa njira yakumunda. Limafikako kudzera m'zimene namwino walemba.

Ndipo ntchito yeniyeni si ya m'kiliniki ayi. Tsiku limene ndinavala majombo n'kutsatira anyamata opopera mankhwala ndi limene ndinamvetsa chifukwa chake ankabwera ndi zidzolo m'misana. Mapampu ankadontha, ovololo yomweyo ankapita nayo kunyumba, mkazi n'kuichapira m'beseni limodzi ndi zovala za ana. Chophimba kukamwa ankachipachika m'khosi chifukwa cha kutentha. Mufakitale namo, kumene amasefera tiyi fumbi limachita kukhala pansidze, ndipo amene wakhalitsa pafupi ndi makina umachita kumukuwira kuti amve. Iye amati ndi ukalamba. Si ukalamba umenewo, ndi phokoso, ndipo khutu likafa ndi phokoso silidzukanso. Nyengo ya chiperoni ikafika aliyense amatsokomola, ndiye pamafunika maso kuti pakati pa chimfine chonsecho uone amene chifuwa chake chapitirira milungu iwiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, umutumize akayezetse makhololo, aone ngati si chifuwa chachikulu cha TB.

Palinso zimene amayi amakuuza chitseko chikatsekedwa, za kapitawo amene amagawa mizere yabwino kwa omwe amulola. Zimenezi sizituluka tsiku loyamba. Amayamba akuyesa kaye, aone ngati zotsatira za magazi a mnzawo zinamveka ku ofesi. Zikangomveka kamodzi, kiliniki yatha, anthu azikagula mankhwala kugolosale.

Tsono mupite kapena ayi?

Pitani, achemwali. Koma musanasaine, afunseni akuluakulu a esitetiyo kuti mabuku a odwala amasunga ndani ndipo amaloledwa kuwatsegula ndani. Afunseni ngati pali galimoto yothamangitsira wodwala ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku chipatala cha mishoni cha Malamulo usiku, komanso ngati mudzaloledwa kulowa m'munda ndi mufakitale popanda kupempha. Chiphaso chanu cha ku Nurses and Midwives Council, bungwe lolembetsa anamwino ndi azamba, chizikhala chamoyo chaka ndi chaka, kuti tsiku limene mwakana kulemba bodza mukhale ndi kolowera. Ndipo munthu akabwera atavulala, lembani zonse pomwepo: malo, nthawi, makina ake, amene anaona. Mukatero muwerengereni mwiniwakeyo mokweza asanatuluke.