Kodi n'zotheka kuyesa ma contact lens oonera pafupi ndi patali musanawavale?

Mayi wina wazaka 47 wandilembera imelo. Akuti masiku ano akafuna kuwerenga uthenga pa foni amachita kutambasula mkono, ndipo magalasi owerengera awatopetsa ndi kuvalavula. Amva za ma contact lens (timagalasi toika pa diso penipeni) a multifocal, koma akufunsa ngati pali njira yoti aoneretu mmene zinthu zizidzaonekera asanawaike m'maso.

Mayi, njira ilipo. Vuto lanulo madokotala amalitcha presbyopia. Munthu akapitirira zaka 40, lenzi ya m'diso imayamba kusiya kufewa, ndipo siithanso kusintha maonekedwe ake kuti muone zapafupi. Ma contact lens a multifocal ali ndi mphamvu zingapo m'kagalasi kamodzi. Ambiri amaika mphamvu yowerengera pakati, yoonera kutali m'mbali. Ndiye kuti chithunzi chapafupi ndi chakutali zimafika m'diso nthawi imodzi, china chooneka bwino, china cha mbuu, ndipo ubongo ndi umene umasankha. N'chifukwa chake ena amadandaula kuti zilembo zili ndi kamthunzi, kapena kuti usiku nyali za galimoto zimakhala ndi kamkombero kowala.

Zithunzi zimene mumaziona pa intaneti zosonyeza "mmene mudzaonere" musazikhulupirire kwenikweni. Sizidziwa diso lanu. Makina enieni oyesera alipo. Ena, otchedwa SimVis, anawapanga akatswiri a bungwe lofufuza za sayansi la CSIC ku Madrid, m'dziko la Spain, ndipo amavalidwa kumutu. M'kati mwake muli lenzi imene imasintha mphamvu mofulumira kwambiri, kambirimbiri pa sekondi imodzi, moti diso silizindikira kusinthako. Limangoona ngati zithunzi zonse zabwera pamodzi, pafupifupi mmene contact lens ingachitire. Dokotala amangosintha pa kompyuta, inu n'kumayerekeza mitundu ingapo mutayang'ana foni yanu, kenako khoma lakutali. Mungathenso kuyesa njira ya monovision, pomwe diso limodzi limaonera kutali, linalo pafupi. Ena njira imeneyi amaikana pompopompo, ndipo kudziwiratu kumapulumutsa nthawi.

Koma makinawa sali m'chipatala chilichonse cha maso, komanso pali zimene sangakuuzeni. Sangakuuzeni ngati kagalasiko kadzakhazikika pakati pa diso kapena kazidzasuntha mukaphethira. Sangakuuzeni ngati maso anu azidzauma madzulo, vuto lofala pa msinkhu umenewu. Ndiponso ubongo umafuna masiku kuti uzolowere, pomwe makina mumawavala mphindi zochepa chabe.

Ine ndinganene kuti makinawo mukawapeza, agwiritseni ntchito posankha mtundu woyambira. Kenako pemphani dokotala akupatseni ma lens oyeserera, muwavale sabata imodzi kapena ziwiri. Muwerenge zilembo zing'onozing'ono za pa botolo la mankhwala m'chipinda chosawala kwenikweni, ndipo ngati mumayendetsa galimoto usiku, muyambe mwayesa mutakhala pampando wa wokwera. Pobwerera kwa dokotala mumuuze mtunda weniweni umene ukukuvutani, chifukwa nthawi zambiri kusintha mphamvu pang'ono chabe, ngati 0.25 pa diso limodzi, kumathandiza.